Tifunseni: masitazi ndi PhD ya zamaphunziro kuno ku Joni

Makalata a mwezi uno ambiri achokera kwa aphunzitsi ndi ena okonda zamaphunziro amene akufuna digiri yachiwiri kapena yachitatu, ya kafukufuku. Tasankha omwe mafunso awo akukhudza anthu ambiri, ndipo ena tawafupikitsa.

Ndili ndi digiri ya uphunzitsi ya zaka zinayi yomwe ndinatenga ku Zomba, ndipo pano ndikuphunzitsa pa sukulu ina yoyima payokha. Ndikufuna kuchita masitazi ku yunivesite ya Wits kapena ku UJ (University of Johannesburg). Kodi anganditenge mwachindunji? — Mphunzitsi, Rosettenville

Aphunzitsi, musanagogode pa khomo la yunivesite, pepala lanu liyambe lakadutsa ku SAQA, bungwe la ku Pretoria lomwe limayeza maphunziro a kunja n'kunena kuti akufanana ndi ati kuno. Dziko lino limaika maphunziro pa makwerero khumi otchedwa NQF. Digiri yoyamba, kuphatikizapo BEd, digiri ya uphunzitsi ya zaka zinayi ya kuno komwe, ili pa 7. Honours ndi Postgraduate Diploma zili pa 8, masitazi pa 9, PhD pa 10. Khomo la masitazi limatseguka kwa munthu amene ali pa 8. Tsono satifiketi ya SAQA ikabwera itakuikani pa 7, musaone ngati akunyozani, chifukwa ngakhale mnzanu wa BEd ya ku Wits amadzera kaye ku Honours. Ndi chaka chimodzi ngati simukugwira ntchito, ziwiri ngati mukuphatikiza ndi ntchito.

Ambiri amadandaula kuti chaka chimenechi n'chongotaya. Ife sitikuona choncho. Mu Honours muli kafukufuku wamng'ono, wosachepera makirediti 30 mwa 120 (kirediti ndi muyeso wa maola a ntchito ya sukulu), ndipo ndi m'menemo momwe munthu amaphunzirira kuwerenga nkhani za m'majenolo, kutchula bwino eni maganizo ndi kulemba funso la kafukufuku. Ndi m'menemonso momwe malekichara amakudziwirani, ndipo supavaiza, woyang'anira kafukufuku wanu wa masitazi, nthawi zambiri amapezeka pamenepo. Chofunika n'kuteteza malikisi. Kukhoza ndi 50, koma olowa masitazi amafunidwa ndi 60 kapena 65 kupita m'mwamba, makamaka pa phunziro la kafukufuku.

Ku SAQA mumalembetsa pa intaneti. Konzani kope la digiri, transcript yathunthu ya zaka zonse, satifiketi ya MSCE ndi pasipoti, zonse zodindidwa. Kuno chidindo chimapezeka ku polisi. Pomwe zinthu zimakakamira si ku Pretoria ayi, koma kumudzi: SAQA imalembera sukulu yanu kuti itsimikize pepalalo, ndipo kalatayo ikagona pa tebulo la munthu, inunso mwaima. Pezani m'bale woti azikafunsa ku ofesi ya Registrar. Kumbukiraninso kuti mu 2021 University of Malawi inagawidwa, Chancellor College n'kutsala ndi dzinalo, Polytechnic n'kukhala MUBAS. Dzina la pa digiri yakale likhoza kusiyana ndi la pa transcript yatsopano, choncho pemphani kalata yofotokoza zimenezi. Ngati munasintha dzina pokwatiwa, satifiketi ya ukwati ipite limodzi. Yambani zonsezi miyezi isanu ndi umodzi tsiku lotsekera mafomu lisanafike.

Masitazi ili mitundu iwiri, yonse ya makirediti 180. Wina umakhala ndi makalasi kenako kafukufuku wamfupi, wosachepera makirediti 60. Winawo ndi kafukufuku yekhayekha, inu ndi supavaiza basi. Kwa munthu wogwira ntchito amene wakhalitsa osalemba zasukulu, wamakalasiwo ndiye wabwino, chifukwa masiku operekera ntchito amakukankhani. Wits imaphunzitsira zamaphunziro ku Parktown, pomwe kale panali Johannesburg College of Education, ndipo UJ ku Auckland Park ndi ku Soweto.

Ndinalowa ndi masiku 30 a pa boda. Yunivesite ikanditenga, kodi ndingasinthire pepala konkuno? Nanga fizi ya ife obwera n'chimodzimodzi ndi ya eni dziko? — Mnyamata wa ku Mzimba, Mayfair

Achimwene, ayi. Lamulo la zolowa ndi kutuluka m'dziko muno silimalola mlendo wongocheza kusintha kukhala wophunzira ali mkati mwa dziko, kupatula pa zifukwa zochepa kwambiri zomwe inu simunatchule. Mumabwerera kumudzi ndi kalata yokutengani, n'kukapempha study visa kumeneko. Musalole masiku anu athe muli kuno: wopitiriza masiku amaletsedwa kulowanso kwa chaka chimodzi, ndipo akapitiriza ndi masiku oposa 30 chiletsocho chimafika zaka zisanu. Pamenepo malo a ku yunivesite apita.

Pa viza amafuna kalata ya yunivesite, umboni wa ndalama, kalata ya ku polisi, ya dokotala, ndi medical aid yolembetsedwa ku Council for Medical Schemes ya kuno. Inshuwalansi ya kumudzi kapena yapaulendo saivomera, ndipo ambiri amabwezedwa pa chimenechi. Viza imeneyi imakulolani ganyu yosapitirira maola 20 pa sabata, imalembedwa dzina la yunivesite imodzi, ndipo poiwonjezera mumapempha kutatsala masiku 60 kuti ithe. Amene muli ndi pemiti yantchito kapena mapepala a mtundu wina, pitani nawo ku ofesi yoona za ophunzira ochokera kunja musanalipire kalikonse, chifukwa popanda chilolezo cha ofesi imeneyi kompyuta siikulolani kulembetsa. UNISA ndi sukulu yophunzira uli kutali, choncho musaidalire kuti ikupezereni study visa.

Za fizi, pali pangano la SADC la zamaphunziro lomwe linasainidwa ku Blantyre mu 1997. Chifukwa cha panganoli, Mmalawi amalipira fizi yophunzirira yofanana ndi ya mwini dziko m'mayunivesite a boma. Komabe pamwamba pake pamabwera ndalama ina ya ophunzira akunja, ndipo gawo lalikulu la fizi amalifuna musanalembetse.

Thandizo lilipo koma n'lopapatiza. Thandizo la boma la NSFAS ndi la Funza Lushaka si la ophunzira akunja. NRF, bungwe la boma lothandiza kafukufuku, imapereka 95 peresenti ya masikolashipu ake kwa nzika ndi okhazikika, 5 yotsalayo n'kumalimbirana ena tonse, ndipo ili ndi malire a zaka: 30 pa masitazi, 32 pa PhD. Mphunzitsi amene wagwira choko zaka khumi ndi zisanu watuluka kale pamenepo. Yesani Canon Collins Trust, yomwe imathandiza ophunzira a m'maiko a kummwera kwa Africa kuno kuphatikizapo Malawi, ndi Mandela Rhodes Foundation ngati simunafike zaka 30. Funsaninso supavaiza ngati ali ndi pulojekiti yokhala ndi ndalama, pakuti ophunzira ambiri amadyera pamenepo, kapena pa utyuta wa ana a chaka choyamba.

Supavaiza wandibwezera proposal kachitatu. Mutu wanga ndi wakuti "Mavuto a maphunziro a pulayimale ku Malawi chiyambire 1994". Akungolemba kuti ndi waukulu kwambiri. Koma mavutowo alipodi, ndiye ndichepetse chiyani? — Mayi wa ana atatu, Turffontein

Mayi, supavaiza wanu akunena zoona, ndipo akukuchitirani chifundo pokubwezani pano osati chaka chamawa. Zomwe mwalembazo ndi dera, si funso. Kuyambira pomwe sukulu ya pulayimale inakhala yaulere mu 1994 pachitika zambiri: ana kuchuluka m'kalasi, aphunzitsi ophunzitsidwa mofulumira, kusintha kwa silabasi, nkhani ya chiyankhulo, National Reading Programme ya 2016. Chilichonse mwa zimenezi chingadye moyo wonse wa munthu. Masitazi siyifuna kuti muthetse mavuto a dziko. Imafuna muonetse kuti mungathe kufunsa funso limodzi, kusonkhanitsa umboni mwadongosolo, n'kunena zokhazo zomwe umboniwo ukuloleza.

Tiyeni tiudule pamodzi. Choyamba, vuto liti? Tinene chiyankhulo chophunzitsira. Lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira, pomwe ana ambiri amafika pa sukulu akuyankhula Chichewa, Chitumbuka, Chiyao kapena china. Chachiwiri, pa ndani? Aphunzitsi, osati ana, makolo ndi a ku unduna onse pamodzi. Chachitatu, kalasi iti ndi phunziro liti? Masamu a Sitandade 5. Chachinayi, kuti? Sukulu zitatu za m'zoni imodzi ku Dedza. Funso likutuluka lotere: "Kodi aphunzitsi a masamu a Sitandade 5 m'sukulu zitatu za ku Dedza amasinthasintha bwanji pakati pa Chingerezi ndi Chichewa pophunzitsa mafulakishoni, ndipo amati amatero chifukwa chiyani?" Funso limeneli lakuuzani kale chochita. Mukakhala kumbuyo kwa kalasi, mukajambula mawu a maphunziro angapo a mphunzitsi aliyense, kenako mukacheza naye za zomwe mwaona. Aphunzitsi asanu ndi mmodzi akwana.

Pali mayeso atatu omwe mungayesere funso lanu muli nokha kunyumba. Kodi mungatchule munthu weniweni kapena chikalata chenicheni chomwe chili ndi yankho? Kodi mungafike komweko ndi ndalama ndi tchuthi chomwe muli nacho? Kodi yankho mukulidziwa kale? Lachitatuli ndi lomwe limagwetsa aphunzitsi ambiri odziwa ntchito. Amabwera atatsimikiza kale kuti vuto ndi malipiro ochepa, n'kumafuna kafukufuku woti awavomereze. Oyesa mayeso amazindikira zimenezi pa tsamba lachiwiri.

Chenjeraninso ndi mawu oti "zotsatira za" kapena "mphamvu ya chakuti pa chakuti". Mukalemba kuti mufufuza mphamvu ya phala la kusukulu pa kakhozedwe ka ana, mwalonjeza kuonetsa kuti phalalo ndiye lachititsa, ndipo zimenezo zimafuna magulu ofananitsa, ana ambiri ndi masamu a statistics. Kucheza ndi aphunzitsi khumi sikungaonetse zimenezo, kumangoonetsa zomwe iwo akuganiza. Funso ndi njira yofufuzira ziyenera kugwirizana, ndipo kusagwirizana kwake ndi komwe kumabwezetsa ma proposal ambiri kuposa Chingerezi chothyoka.

Pa gawo la zomwe ena analemba, musandandalike kuti uje anati chakuti, uje anati chakuti. Sonkhanitsani olembawo malinga ndi zomwe akugwirizana ndi zomwe akutsutsana, kenako muonetse pomwe palibe amene wafikapo. Mawu oti "palibe amene anafufuzapo za izi ku Malawi" musawalembe musanafufuze m'nkhokwe za pa intaneti za ERIC, Sabinet, Google Scholar ndi m'nkhokwe za mayunivesite monga WIReDSpace ya Wits, chifukwa Amalawi ambiri analemba ma thesis awo konkuno. Werengani atatu a m'dipatimenti yanu omwe anakhoza posachedwa, muone kutalika kwake ndi kamangidwe kake. Chiphunzitso chotsogolera kafukufuku sankhani chimodzi chomwe mudzachigwiritsedi ntchito posanthula zomwe mwapeza. Kutchula katswiri monga Vygotsky m'mutu wachiwiri kenako osamuonanso mpaka kumapeto ndi matenda ofala kwambiri m'ma thesis a zamaphunziro. Ndipo kuyambira lero buku lililonse lomwe mwawerenga lilowe mu pulogalamu ya pakompyuta ya Zotero, ndi yaulere, ikupulumutsani pa ntchito yokonza mndandanda wa mabuku m'kalembedwe ka APA usiku womaliza.

Ndikupita kumudzi pa Khirisimasi. Ndikuganiza zopezerapo mwayi wocheza ndi aphunzitsi ndi ana a pa CDSS ya kwathu, kalata ya ethics idzandipeza ndikabwerako. Ahedi ndi malume anga ndipo avomera kale. Pali vuto? — Wophunzira masitazi, Brixton

Vuto lilipo, lalikulu. Chilichonse chomwe mwasonkhanitsa musanalandire nambala ya chilolezo kuchokera ku komiti ya ethics ya yunivesite yanu, yomwe imaona kuti kafukufuku asapweteke anthu, sichiloledwa kulowa mu thesis, ndipo makomiti amenewa sapereka chilolezo chobwerera m'mbuyo. Mudzakhala mwawononga ndalama ya basi ya ku Park Station kudzera ku Beitbridge ndi ku Tete, n'kubwera ndi mawu ojambula oti simungawagwiritse ntchito. Komanso pa Khirisimasi sukulu zimakhala zotseka.

Ndondomeko yake ndi iyi. Proposal ivomerezedwe kaye ndi dipatimenti. Kenako mupereke fomu ya ethics pamodzi ndi mafunso onse omwe mukafunse, kalata yofotokoza kafukufuku, ndi mafomu ovomereza. Komiti imakumana pa masiku oikika, ndipo kawirikawiri imabweza kuti mukonze zina, choncho werengerani miyezi iwiri kapena itatu. Popeza kafukufuku wanu ndi wa ku Malawi, chilolezo cha kuno chokha sichikwanira. Kumudzi kuli National Commission for Science and Technology ku Lilongwe, yomwe ili ndi komiti yoona kafukufuku wa zachikhalidwe cha anthu, NCRSH, ndipo ili ndi mafomu ndi malipiro akeake. Mukatero mutenge kalata ku ofesi ya maphunziro: ya Division pa sekondale, ya boma lanu pa pulayimale. Ahedi amabwera pomaliza.

Ana osakwana zaka 18 amafunika mapepala awiri, la kholo lovomereza ndi la mwana mwiniwake lonena kuti akufuna. Onse alembedwe m'chiyankhulo chomwe anthuwo amamva, ndipo komiti idzafuna kuona la Chichewalo, osati la Chingerezi lokha. Pa fomupo pazikhala malo osiyana ovomereza kucheza ndi ovomereza kujambulidwa mawu, chifukwa munthu akhoza kulola china n'kukana china. Kholo losatha kulemba limadinda chala pamaso pa mboni. Mayina a anthu ndi a sukulu mumawasintha, ndipo mawu ojambula mumawasunga motsekedwa ndi password, osati kumatumizirana pa WhatsApp. Kuno lamulo la POPIA loteteza zinsinsi za anthu likugwira ntchito mokwanira kuyambira pa 1 Julayi 2021, ndipo mayunivesite salekerera.

Za malume anuwo, komiti idzaima pamenepo nthawi yaitali. Mphunzitsi amene waitanidwa ndi ahedi kuti acheze ndi m'bale wawo sangakane, ndiye kuvomera kwakeko si kwaufulu. Sanganenenso zoipa za utsogoleri wa pasukulupo. Sankhani CDSS ina, kapena lembani poyera za ubalewo ndi momwe mudzatetezere aphunzitsiwo, monga kuti ahedi asadziwe amene wavomera ndi amene wakana. N'chimodzimodzi ndi mphunzitsi wofufuza ana a m'kalasi mwake.

Kalendala nayo muiyang'ane. Ku Malawi chaka cha sukulu chimayamba mu Sepitembala, temu yachitatu imatanganidwa ndi mayeso a MANEB, ndipo temu yachiwiri imagwa m'dzinja pomwe misewu ya kumidzi ina siipitika. Amene mukufufuza m'sukulu za boma za kuno, chilolezo chimachokera ku Gauteng Department of Education, ndipo amalola kafukufuku kuyambira sabata yachiwiri ya Febuluwale mpaka kutha kwa temu yachitatu, kunja kwa nthawi yophunzitsa. Chilolezo chikachedwa n'kukupezani mu Okutobala, mudikira Febuluwale, ndipo fizi ya chaka china mulipira. Ulendo wa Khirisimasiwu ugwiritseni ntchito pokaonana ndi a maofesi ndi kufunsa zomwe amafuna, osajambula munthu aliyense.

Ndimagwira ntchito Lolemba mpaka Loweruka masana. Kodi n'zotheka kumaliza masitazi m'chaka chimodzi? Macheza anga ndidzachita m'Chichewa. — Bambo wa ku Yeoville

Bambo, tiwerengere limodzi. Kirediti imodzi imayimira maola khumi a ntchito, ndiye makirediti 180 ndi maola 1,800. Mukamapeza maola 15 pa sabata, zomwe kwa munthu wantchito ndi zambiri ndithu, mufunika masabata 120, kupitirira zaka ziwiri. Pa maola khumi ndi masabata 180, pafupifupi zaka zitatu ndi theka. PhD ndi makirediti 360. Lembetsani ngati wophunzira wa part-time, chifukwa mukalembetsa full-time nthawi yomwe mwapatsidwa imatha msanga n'kuyamba kupempha zowonjezera.

Pomwe maola amathera mosayembekezeka ndi polemba zomwe mwajambula. Ola limodzi la mawu limatenga maola anayi mpaka asanu ndi limodzi kulilemba liwu ndi liwu. Macheza 12 a mphindi 45 ndi maola asanu ndi anayi a mawu, kutanthauza maola pafupifupi 45 olemba. Kumasulira m'Chingerezi kumatenga enanso ochuluka chomwecho. Makina olemba okha mawu amavutika ndi Chichewa, makamaka cha mphunzitsi wosakaniza ndi Chingerezi m'kalasi la ana 90, ndiye musawadalire. Lembani macheza aliwonse sabata yomweyo mwachita, mukadakumbukira amene amayankhula ndi zomwe zimachitika.

Langizo lathu ndi lakuti musanthule zolembazo zikadali m'Chichewa, n'kumasulira ndime zokhazo zomwe mudzazitchule mu thesis, mawu enieniwo n'kuwaika pambali pake kapena kumapeto. Pezani munthu wina wodziwa zinenero zonse ziwiri aonenso kumasulirako, asainire fomu yosunga chinsinsi, ndipo fotokozani zonsezi m'mutu wa njira zofufuzira. Gwirizanani ndi supavaiza kaye, popeza ngati samva Chichewa angafune kuona zina zitamasuliridwa zonse. Mapulogalamu a pakompyuta a ATLAS.ti kapena NVivo amathandiza kusanja, ndipo mayunivesite ambiri amapereka ulere kwa ophunzira awo, koma kuganiza kumakhalabe kwanu. Pa macheza 12, tebulo la mu Word ndi mapensulo a mitundu zimakwanira.

Yesani kachipangizo kojambulira musanapite, ndipo jambulani ndi ziwiri, foni ikhale yachiwiri. Denga la malata mvula ikamagwa limameza mawu onse. Ntchito yanu izikhala m'malo atatu: pa laputopu, pa flash, ndi pa intaneti pa akaunti ya yunivesite. Laputopu kubedwa mu takisi kapena kupsa magetsi akabwera mwamphamvu si nkhani yachilendo mu mzinda uno.

Ndinatumiza mutu wachitatu miyezi itatu yapitayo, supavaiza sakuyankha. Ndimaopa kuwakumbutsa, angaone ngati ndine wamwano. — Mlongo wanu, Braamfontein

Achemwali, ulemu womwe tinaleredwa nawo woti wamkulu sakumbutsidwa ukupwetekani pano. Kuno supavaiza amayembekezera kuti wophunzira ndiye aziyendetsa ntchito yake, ndipo mukakhala chete amaganiza kuti mwatanganidwa kapena mwasiya. Ena amakhala ndi ophunzira oposa khumi kuwonjezera pa makalasi.

Mayunivesite ambiri ali ndi pangano lomwe wophunzira ndi supavaiza amasainirana poyamba, lonena kuti muzikumana kangati ndiponso ndemanga zizibwera pakatha nthawi yaitali bwanji. Litulutseni. Lembani imelo yaifupi kuchokera pa adiresi ya yunivesite, yonena tsiku lomwe munatumiza, muikenso mutuwo, mutchule zinthu ziwiri zomwe mukufuna aone, ndipo mupemphe kukumana pa limodzi mwa masiku awiri omwe mwatchula. Pakatha masabata awiri osayankha, tumizaninso. Zikakanikabe, pitani kwa woyang'anira maphunziro a postgraduate m'dipatimenti, kenako kwa mkulu wa sukulu. Musadumphe makwerero amenewa. Mukhoza kupempha supavaiza wachiwiri, zomwe zimayenda mofewa kuposa kusintha.

Mukakumana, tumizani imelo tsiku lomwelo yolemba zomwe mwagwirizana. Pobweza mutu wokonzedwa, phatikizani tebulo la magawo atatu: ndemanga yawo, zomwe mwachita, tsamba lake. Mukaona kuti ndemanga ina simukugwirizana nayo, nenani chifukwa m'tebulomo. Tebulo lomweli mudzalifunanso oyesa mayeso akabweza thesis, pakuti ambiri amakhoza pokhapokha atakonza zina. Pa masitazi oyesa amakhala awiri, mmodzi wochokera kunja kwa yunivesite yanu, pa PhD kawirikawiri atatu, ndipo distinction imayambira pa 75.

Pa Facebook pali anthu olemba thesis pa mtengo wabwino, komanso koleji ina mu tauni ikuti imapereka PhD m'chaka chimodzi. Mukuti bwanji? — Wofunsa sanalembe dzina

Olemba thesis aja amagulitsa ntchito imodzi kwa anthu angapo, kapena amaidula pa ma thesis omwe ali kale pa intaneti. Pulogalamu ya Turnitin yomwe mayunivesite amagwiritsa ntchito imafananitsa zolemba zanu ndi zomwe zili pa intaneti, ndipo supavaiza amene wakhala akuwerenga Chingerezi chanu chaka chonse amadabwa mutu wachinayi ukabwera wosalala. Chilango chimafika pochotsedwa sukulu, ndipo digiri imatha kulandidwa ngakhale mutavala kale gauni. Makina a AI nawo amapeka mabuku omwe kulibe, mayina a olemba ndi zaka zomwe, choncho tsatirani malamulo a yunivesite yanu pa kagwiritsidwe ntchito kake, ndipo musatchule buku lomwe simunalitsegule nokha. Chololedwa ndi mkonzi wa chiyankhulo, amene amakonza galamala osakhudza mfundo, n'kukupatsani kalata yoika mu thesis.

Kolejiyo ifunseni zinthu zitatu: nambala yolembetsera ku Department of Higher Education and Training, umboni woti pulogalamuyo inavomerezedwa ndi Council on Higher Education, ndi nambala ya SAQA ya digiriyo. Mndandanda wa makoleji olembetsedwa uli pa webusaiti ya dipatimentiyo, kaoneni nokha, chifukwa koleji ikhoza kulembetsedwa pa dipuloma yokha n'kumagulitsa digiri. PhD ya kuno siyichepera zaka ziwiri ngakhale kwa wophunzira wa full-time. Mukabwerera kumudzi, National Council for Higher Education idzayezanso pepalalo.

Ndili ndi digiri ya zaulimi. Ndikachita MEd ndidzaloledwa kuphunzitsa m'sukulu za kuno? — Mayi wa ku Soweto

Ayi Mayi. MEd, masitazi ya zamaphunziro, ndi digiri ya kafukufuku, si chiphaso cha uphunzitsi. Kuti muime kutsogolo kwa kalasi mufunika PGCE, satifiketi ya uphunzitsi ya chaka chimodzi pamwamba pa digiri yanu, yomwe ili ndi masabata ophunzitsa m'sukulu moyang'aniridwa, kenako mulembetse ku SACE, bungwe la aphunzitsi la dziko lino. Musanalembetse PGCE, aonetseni transcript kuti aone ngati maphunziro omwe munatenga akukwanira pa phunziro la kusukulu monga Agricultural Sciences kapena Life Sciences. Ngati cholinga chanu ndi kuphunzitsa ku koleji ya aphunzitsi, kugwira ntchito ya silabasi monga ya ku Malawi Institute of Education ku Domasi, kapena ya mabungwe, pamenepo masitazi ndiyo ikufunika, koma nayonso mudzaifikira kudzera ku Honours kapena Postgraduate Diploma ya zamaphunziro.